Maphatikizo Atatu a Bambo wa Mkwatibwi

Mukafunsa munthu aliyense wa pachilumba pano kuti a Oddvar Nautvik ndani, sayamba ndi nkhope yawo ayi, amayamba ndi mawu. Moyo wawo wonse wa ntchito unathera pa sitima yowolotsa magalimoto kupita kumtunda, ndipo liwu lija linkabangula pa chimkuzamawu m'mawa uliwonse, kutiuza kumene kuli majekete odzipulumutsira pangozi, linali lawo. Ana kusukulu ankawatsanzira. Mawu aataliatali a kuno ku Norway, aja timangolumikiza awiri, atatu, anayi mpaka mpweya kutithera, kwa iwo ankangotsetsereka ngati batala pa chitumbuwa chamoto.

Ntchito yawo ina inali yolongedza magalimoto. Ankayenda chafutambuyo kutsogolo kwa galimoto akukodola ndi dzanja, bwera, bwera, bwera, ikafika pamalo pake n'kuimenya pa boneti ndi chikhatho, pha! Ndiye kuti ima pomwepo. Aliyense wa kuno amazidziwa zimenezo. Ngakhale galimoto ya abusa inamenyedwapo, abusa osadandaula.

Amene sankadziwa ndi Eskil, mnyamata wa ku Oslo, amene Synne, mwana mmodzi yekhayo wa a Oddvar, ankabwera naye kudzamuonetsa kwa makolo. Boneti itamenyedwa, mnyamata anatuluka, natulutsa kampango m'thumba, n'kuyamba kusisita kuti aone ngati yapindika. Mzere wonse wa magalimoto unaima kudikira iyeyo. A Oddvar anamuyang'ana kuyambira kunsapato zake zoyera mpaka kutsitsi, kenaka anaona mwana wawo ali m'galimotomo, nkhope atabisa m'manja. Pamenepo anadzigwira. Koma atakwera kukamwa khofi m'chipinda cha apaulendo, pakamwa panawayabwa.

"Uyo wosisita boneti uyo akadzakhala mkamwini wanga, ine ndidzameza nangula wa sitima ino, ndi tcheni chomwe!"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Koma pachilumba nkhani sigona panjira. Dzuwa lisanalowe Synne anali atamva, Eskil nayenso. Madzi akatayika saoleka. Kuyambira tsiku limenelo Synne akabwera kwawo ankalunjika kukhitchini kwa amayi ake, a Torunn, bambo ake n'kungowaponyera moni ali chiyendere.

Chakudza sichiimba ng'oma. Atangopuma pantchito, tsiku lina akupenta kabwato kawo, burashi inagwa m'manja, iwo n'kutsatira pambuyo. Inali sitiroko, matenda aja opha ziwalo. Atatsitsimuka kuchipatala cha kumtunda, dzanja lamanja linali lolemera ngati lobwereka, ndipo mawu anali atabalalika. Nzeru zinalipo zonse, ndiye kuwawa kwake n'kumeneko. Chimene akufuna kunena ankachiona m'mutu bwinobwino, koma chikafika pa lilime chinkatuluka mchira patsogolo, mutu pambuyo. Timawu tatifupi tinabwerako msanga: inde, ayi, khofi, Torunn. Zotukwana nazo, a Torunn amachitira umboni mpaka lero, sizinachoke n'komwe. Koma mawu aatali aja anakaniratu.

M'nyengo yozizira imeneyo Eskil ankawoloka Loweruka lililonse. Ankawaza nkhuni, kukokolola chipale chofewa pakhomo, ndipo kabwato kaja anakakokera m'shedi n'kumaliza kukapenta, ngakhale kapentedwe kake kanali ka munthu wa ku Oslo ndithu. A Oddvar ankamuonera pawindo. Mtima unasungunuka, manyazi n'kulowa m'malo mwake. Koma amuuze ndi pakamwa pati? Mnyamata akalowa m'nyumba n'kuwapatsa moni ndi kalankhulidwe kake kothamanga kaja, kokwera kumapeto ngati chilichonse ndi funso, iwo ankasokonezeka, n'kungoti, "Hm." Ndipo Synne akamva "hm" ameneyo ankakumbukira nangula.

Ukwati anaupangira mwezi wa Juni. Mwambo wake mukuudziwa: pa chakudya, woyamba kulankhula ndi bambo wa mkwatibwi. Synne anaiyamba nkhaniyo ataimirira pakhomo, chikhoti osavula.

"Papa, za kulankhula zija musadzivutitse. Amalume a Leiv adzakuwerengerani. Komanso simudzakakamizika kunena zimene simukufuna."

Mawu otsirizawo anawalasa a Oddvar. A Leiv, mchimwene wa a Torunn, ndiwo anasankhidwa kuyendetsa mwambo, munthu woti akagwira maikolofoni muyenera kuchita kuzimitsa magetsi kuti aisiye. Zoona a Leiv ndiwo akalandire Eskil m'banja la Nautvik? Ndiye anthu adzati chiyani? Adzati Oddvar wabisala kumbuyo kwa matenda, nangula uja akadali nayebe.

"Ayi," anatero a Oddvar. Anadziguguda pachifuwa ndi dzanja lamanzere. "Ine."

Synne anangogwedeza mutu n'kutuluka. Koma iwo anali atatsimikiza. Panali mawu amodzi oti awatchule pamaso pa anthu omwe aja anaseka pasitima, kuchokera pakamwa pomwe paja: svigerson, mkamwini. Zinawatengera madzulo onse, kuloza ndi kutukwana, kuti a Torunn amvetse. Atamvetsa, a Oddvar anawalumbiritsa kuti asauze Synne. Nanga zikakanika?

Lachiwiri lililonse kunkabwera Hedda, mtsikana wa kuchipatala wophunzitsa odwala kulankhula, wa kum'mawa, chigawo cha ku Oslo, nayenso ngati Eskil. Anayamba ndi mawu amene ankaganiza kuti ndi apafupi kwa munthu wa pasitima, dzina la jekete lodzipulumutsira lija, redningsvest.

"Oddvar, mawu aatali musamawaope. Si amodzi ayi, ndi magalimoto angapo okokana. Muyambe mwapeza polumikizira pake. Apa pali redning, apa pali vest."

A Oddvar anayang'anitsitsa pa khadi limene Hedda analembapo mawuwo. Analoza pakati ndi chala. Panali kachilembo kotsala, kopanda mwini. "Aka?"

Hedda anati, "Ka s ako ndi guluu chabe. Kamatsamira kumbuyo. Rednings, kenaka vest."

"Bodza," anatero a Torunn ali pa chitofu, osacheuka n'komwe. "Ine munthuyu ndamumva akukuwa mawu amenewa chikwatiraneni. Amati redning, svest."

"Makutu amanama, Torunn. Svest si kanthu. Munavalapo svest inu?"

"Sindinavalepo, koma ndinamva."

A Oddvar anayang'ana uyu, nayang'ana uyo. Kalanga ine! Mawu oti anawatchula m'mawa uliwonse zaka zonsezo, osadziwa kuti m'kati mwake muli kachilembo kokanganitsa akazi awiri m'khitchini. Ndipo zinali zisanathe. Hedda anati mukadula polumikizira, mudulenso kachiwiri, tsopano m'maphatikizo, red, nings, vest, ndipo phatikizo lililonse muligogode ndi chala patebulo. Kudula kawiri chinthu chimodzi? Uyambe kuti, utsirize kuti? Ali mkati mosinkhasinkha zimenezo, mtsikana anawonjezera china.

"Ndipo mphamvu ya mawu izikhala kutsogolo. Katundu wolemera patsogolo, opepuka azitsatira."

Apa ndiye a Oddvar anakana ndi mutu wonse. "Ayi! Lole... pakati!" Ndani sadziwa kuti ukaika malole kutsogolo sitima imamira mphuno?

"Pasitima inde, Oddvar, koma m'kamwa ayi."

Atafika pa mawu enieni aja, zinthu zinangoipiraipira. Hedda ankati kumapeto kwake ndi sønn, milomo yosongoka, liwu likukwera. A Torunn ankati ndi son, monga timanenera kuno, liwu likutsika, ndipo ankati mwamuna wawo sadzakalankhula ngati wa pa wailesi paukwati wa mwana wake yemwe. Hedda ankati adule pawiri, sviger, son. Kenaka ankati ayi, patatu, svi, ger, son. Tsiku lina anatulukira a Leiv, amene anakhalitsa kumpoto pa mabwato a nsomba, n'kuwaimba mawu omwewo ndi kanyimbo kachitatu, kosiyana ndi onse awiri.

"Mlamu, ukudzizunziranji?" anatero a Leiv akudzithirira khofi. "Iwe udzangoimirira, kukweza tambula, kumwetulira. Zotsalazo undisiyire ine. Ndalemba kale masamba anayi, muli ndi nthabwala zomwe."

"Choka," anatero a Oddvar. Mawu amenewo anatuluka osavuta.

Usiku ankagona chagada mawu akuzungulira m'mutu. Svi, son, ger. Ger, svi. Sviger, svest. Nthawi zina ankadzuka osadziwa ngati mkamwini amakwera kapena amatsika kumapeto. Anayamba kukayika ngakhale dzina lawo lomwe, Naut, vik, kapena Nau, tvik? Munthu wamkulu kulira chifukwa cha maphatikizo, abale inu, koma analira.

Chinawapulumutsa ndi supuni. Makutu awo anali atagontha ndi phokoso la injini, ndiye chala patebulo sankachimva. Tsiku lina akutakasa khofi, supuni inagunda kambale, ngwe! Ndipo "svi" anatuluka yekha, woyera. Ngwe, "ger". Ngwe, "son". Anaima kakasi. Anabwereza, zinatheka. Kuyambira pamenepo nyumba ya a Nautvik inasanduka ya osula zitsulo, m'mawa ngwe, masana ngwe, mpaka a Torunn anati tsiku la ukwati likamafika iwo adzakhala atapenga, mbale zitatha.

Loweruka lina Synne ndi Eskil analowa mwadzidzidzi. A Oddvar anati mwayi ndi uwu, bwanji ndingoyeseratu? Anamuyang'ana Eskil m'maso, tsinya lili gwa chifukwa cholimbikira, n'kuyamba kugogoda kambale. Ngwe, ngwe, ngwe. Pakamwa panangoyasama, osatuluka kanthu. Anagogodanso mwamphamvu.

"Tiye, Eskil," anatero Synne. "Sukuona? Akutiimbira belu kuti tizipita."

A Torunn anatsegula pakamwa, a Oddvar n'kuwaponda phazi. Ana aja anapita khofi osamwa.

Tsiku linafika. Holo ya m'mudzi inadzaza, chilumba chonse mbali ino mu zovala zachikhalidwe, anzake a Eskil ochokera ku Oslo mbali inayo, achinyamata aphokoso amene anali atayamba kale kunyowetsa kukhosi. Nyama ya nkhosa itangofika patebulo, a Leiv anaimirira, nati tsopano timve kwa bambo wa mkwatibwi. Pepala lawo la masamba anayi linali likusuzumira m'thumba la jekete.

A Oddvar anadzuka pang'onopang'ono.

"Synne," anatero. "Mwana wanga." Zimenezo zinayenda bwino. Anatembenuka. "Eskil."

Anthu a pachilumba anayang'anana. Aliyense ankakumbukira za nangula, ndipo mayi wina wogulitsa khofi pasitima ija, amene anaimva nkhaniyo ndi makutu ake, anali atakhala kutsogolo kwenikweni, khosi atasolola. A Oddvar anagogoda ndi chala patebulo. Nsalu yochindikala inameza kugogodako. Anagogodanso, osamva kanthu. Thukuta linayamba kutsika m'khosi. Ndiye anatola supuni, n'kumenya m'mphepete mwa mbale. Ngwe!

"Svi..."

Tsopano pali kamwambo kena kanabwera m'zaka zino, paukwati wa iwo ndi a Torunn kunalibe. Wina akagogoda mbale ndi supuni, onse amagogoda nawo, ndipo akwati amayenera kukwera pamipando n'kupsompsonana. A Oddvar anazionapo zimenezi m'maukwati a anthu ena, koma m'mutu mwawo tsiku limenelo munali malo a maphatikizo atatu okha. Anyamata a ku Oslo atangomva ngwe, anati mdala wayambitsa yekha, ndi wanthabwala eti! Mafoloko, mipeni, masupuni, holo yonse ngwengwengwengwe! Synne ndi Eskil anayang'anana, nakwera pamipando, napsompsonana, anthu n'kukuwa.

A Oddvar anangoti kukamwa yasa. Chikuchitika n'chiyani? Anthuwa akundithandiza kapena akundinyoza? Nanga anawa akwereranji pamipando ine ndikulankhula? "Ger" anali atathawa, osadziwika kolowera. Phokoso litatsika, akwati atakhala pansi, anapuma mozama n'kuyambiranso. Ngwe!

"Svi..."

Ngwengwengwengwe! Akwati pamipando kachiwiri. Ulendo uno Synne sankaseka. Ankayang'ana bambo ake kuchokera pamwambapo ndi maso ofunsa kuti, Papa, mpaka lero, pamaso pa anthu?

A Torunn anatambasula mkono n'kuwalanda supuni. "Siya, Oddvar! Ndiwe ukuwakweza pamipando!"

Ine? Ndawakweza bwanji? Analibe nthawi yofunsa. Supuni yapita, chala sichimveka, dzanja lamanja lili lende. Chinatsala ndi phazi. Pansi pa holo yathu ndi pa matabwa, pamalira bwino. Anaponda, gu!

"Svi..." Gu! "Ge..."

Mayo ine! Kamwambo kaja kali ndi mng'ono wake. Anthu akaponda pansi ndi mapazi, akwati amalowa kunsi kwa tebulo kukapsompsonana kumeneko. Holo inagwedezeka, gugugugu, matambula akuvina. A Oddvar anatseka maso, kulimbana kuti amve phazi lawo lokha pakati pa mapazi onsewo. Gu, gu, gu. Gu, gu, gu. Atatsegula maso kuti amuyang'ane mkamwini wawo, anapeza mipando iwiri yopanda anthu. Anayang'ana kudenga, poti mwina akweranso. Anayang'ana kukhomo. Athawa? Mwana wanga wathawa paukwati wake chifukwa cha ine?

A Leiv anaimirira, pepala lili kale m'manja. "Zikomo, mlamu, wayesetsa ndithu. Tiyeni timuombere m'manja. Tsopano zimene amafuna kunena ndi izi..."

Anthu anayamba kuomba m'manja, kuomba kwa chisoni kuja timaombera mwana akaiwala ndakatulo. Zatha basi. Miyezi yonse ija, mbale zonse zija, zathera pa masamba anayi a Leiv. Misozi ya ukali inadzaza m'maso.

Pamenepo nsalu ya tebulo inatukuka pafupi ndi miyendo yawo. Munatuluka mutu, kenaka mapewa, kenaka Eskil yense, fumbi lili m'mawondo a suti. Anaimirira maso ndi maso ndi a Oddvar, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula pang'onopang'ono.

"Oddvar, phazi lanuli ndaliona kunsiku. Katatu, n'kuima. Katatu, n'kuima. Supuni ija kunyumba inalinso chimodzimodzi. Simunkatithamangitsa, eti? Pali mawu amene mukuwadula."

"Hm," anatero a Oddvar.

"Leiv, takhalani kaye pansi." Ndipo a Leiv, zodabwitsa, anakhala. Eskil anawerama pang'ono, nadzigwira paphewa. "Menyani apa. Apa palibe angatsanzire. Boneti iyi sipindika, ndipo ndikulonjeza kuti sindiisisita."

A Oddvar anayang'ana phewalo. Anakweza dzanja lamanzere, chikhatho chotambasula, monga ankachitira galimoto ikafika pamalo pake. Pha!

"Svi."

Pha!

"Ger."

Pha!

"Son."

Kanyimbo kake sikanali ka Hedda, sikanali ka a Torunn, ngakhale ka a Leiv. Katundu wolemera anakhala pakati, monga lole pasitima. Koma holo yonse inamva, mpaka kumpando wotsiriza. Ndipo panatsatira kamawu kamodzi kosafuna kumenya kanthu.

"Wanga."

Kenaka mayi wa khofi uja, poti pakamwa pake sipadziwa mwambo, anakuwa, "Nanga nangula uja, Oddvar?"

A Oddvar anadzisisita pamimba. "Ndameza."

"Ndi tcheni chomwe?"

"Chomwe."

Anthu a pachilumba anaseka mpaka kupukuta misozi, a ku Oslo n'kumafunsana kuti nangula wake uti. Synne anatuluka kunsi kwa tebulo chokwawa, chophimba kumutu chitapendekeka, nkhope yonse ili chonyowa. Anangogwira dzanja lamanja la bambo ake, lolemera lija, n'kulikumbatira pachifuwa.

Zolankhula zinali zisanathe, ndipo a Oddvar sanali munthu wosiya ntchito pakati. Zotsala zonse anazimalizira paphewa lomwelo, phatikizo ndi phatikizo, mawu ena mchira patsogolo, ena osadziwika kuti ndi a chilankhulo chanji. Nyama inazizira m'mbale, palibe anakhudza foloko. Eskil anaima chowerama mpaka kumapeto, osasuntha, ngakhale dzanja la munthu wa pasitima si lopepuka.

Mawu atatha, a Oddvar anaiwala kuchotsa dzanja paphewapo, ndipo Eskil sanawakumbutse.